Mayi Tikwirire ndi Belu la Sukulu

Amati belu la sukulu yathu linakwiriridwa m'dimba, kuseri kwa makalasi a ana aang'ono, ndipo amati analikwirira ndi Mayi Tikwirire. Ine sindinaone ndi maso anga, koma ndakhala ndikusoka nsapato pageti pa sukuluyi kuyambira mano anga ali onse, ndiye ndikuuzeni: mayi amene uja, mukanangowalekerera, akanakwirira sukulu yonse ndi mbendera yomwe, kungofuna kuona ngati iwola.

Dzina lawo lenileni linatha ngati sopo. Ankaphunzitsa sayansi kwa tiana tija timafika m'mawa mabatani atamangidwa mokhota, ndipo funso lililonse la mwana linali ndi yankho limodzi. Wina akafunsa kumene masamba ogwa mumtengo amapita, iwo ankati tikwirire tione. Wina akafunsa ngati supuni imafa, tikwirire tione. Khoko la nthochi, botolo, jumbo, sokosi yobooka, chipeso chopanda mano, zonse zinkalowa m'nthaka, pamwamba nkuzikapo kamtengo kolembedwa dzina la mwini wake. Mvula ikatha, kalasi yonse inkapita ndi timakasu kukafukula, kuti aone chimene nthaka yadya ndi chimene yakana.

Analinso ndi katoni ya mabuku a zithunzi, aja a zilembo zikuluzikulu zoti ngakhale ine, amene sukulu inandithawa ndisanaizolowere, ndimawerenga osaluma lilime. Sankawawerengera m'kalasi. Ankakhazika ana pakati pa mizere ya m'dimba nkuwawerengera za kanyemba koopa mdima kamene kanatalikitsa khosi pofuna dzuwa. Akamaliza ankatseka buku nkufunsa amene wakhulupirira. Manja onse m'mwamba. Iwo nkupukusa mutu.

"Buku lanena zake," ankatero. "Tiyeni tikaone ngati silikutinamiza."

Amene anavutika nazo kwambiri zimenezi ndi ahedi. Ahedi athu ndi bambo wamtali, wofatsa, woti akaponda nyerere amabwerera kukaipepesa. Nsapato zawo zimathera kuchidendene, ndiye amakhala pabenchi panga kawirikawiri, ndipo munthu akatsala ndi sokosi yokha amaulula zambiri. Tsiku lina anatsegula kabati ya muofesi mwawo kuti atenge mapepala a mayeso, nkupezamo zitini za nyemba zitamera, zoyera mbee, zitasuzumira ngati zikufuna kuwafunsa kanthu. Pomwepo anatulukira Mayi Tikwirire ndi gulu lawo, nkuwapempha kuti atseke msanga chifukwa akuwononga mdima. M'sukulu monse, anatero mayiwo, munalibe malo amdima kuposa ofesi ya ahedi. Ahedi anatseka kabatiyo, napepesa.

Nkhondo yeniyeni inali ya belu. Likalira, makalasi onse ankasintha phunziro, koma ana a sayansi ankakhala ali chigwadire m'dimba, mphunzitsi wa masamu akuwadikira pakhomo choko chili m'manja, nkhope ili gwa. Ahedi anapita kukanena kuti nthawi yatha. Anapeza ana atazungulira nkhono imene inali kuwoloka thabwa.

"Madamu, belu lalira kale."

"Nkhonoyi sinamve, ahedi. Iuzeni ndinu."

Ahedi anawerama kuti aione nkhono yosamva belu. Mphunzitsi wa masamu atatopa nkudikira anapita kukawalondola, nkuwapeza atanyonyomala pakati pa ana, akuuza kamnyamata kena kuti kasaikankhe, ifika yokha.

Sipanapite nthawi belu linasowa. Linali pazenera la ofesi Lachisanu, Lolemba panalibe. Sabata yomweyo m'dimba munaoneka kamtumbira katsopano kopanda kamtengo. Ndi pamene mphekesera inabadwa, ndipo inayenda msanga chifukwa panalibe aliyense woitsutsa. Ahedi anakhala pabenchi panga nkumayeseza mafunso. Anandiuza kuti akalankhula molimba, ngati mkulu wa sukulu, maso ndi maso. Ndinawapukutira nsapato kuti aoneke aukali, ndipo anapita.

"Madamu, pali kanthu ndimati ndifunse."

"Tayi yanuyi ndi ya thonje kapena ya pulasitiki?"

"Sindidziwa. Anandigulira ndi akunyumba."

"Ana, ahedi sakudziwa. Titani?"

Yankho la anawo ndinalimvera kugeti. Ahedi anabwerera khosi lili pamtunda, za belu asanatchule. Nyengo yonse ya mvula ankauza akazi awo kuti tayi ija anaiiwala muofesi. Itafukulidwa inatuluka yamphumphu, ikunyezimira kuposa mmene inalowera, ndipo ana analemba pabolodi kuti tayi ya ahedi ngakhale nthaka imaikana. Ahedi anaichapa nkuyambanso kuivala. M'malo mwa belu anapachika chitsulo cha gudumu la galimoto pamtengo, chimene kulira kwake sikunkafika kudimba. Mayi Tikwirire sanadandaulepo.

Ndiye kunabwera atcheya a komiti ya makolo, bambo wa chipewa, wolima makabichi oti munthu mmodzi sanyamula. Iwowa ankafuna kumanga kalasi yatsopano, ndipo sananame: ana ankakhala opanikizana ngati machesi m'bokosi, ena kulembera pamsana pa anzawo. Malo otsala pasukulupo anali dimba lokha. Atcheya anati nkhaniyo njosavuta, popeza dimbalo silinadyetsepo munthu chiyambire. Apanso sananame. Nyemba sizinkafika pobereka chifukwa m'mawa uliwonse ana ankazizula kuti aone ngati mizu yakula, nkuzibwezera. Makabichi anali a mbozi, popeza kalasi ina inkadikira agulugufe. Tomato wina ankathiriridwa, wina ankamanidwa madzi dala, wina anamuvundikira ndi chidebe.

Atcheya anapita okha kukaona. Anayendayenda m'mizere akuguguda lilime, nafunsa kuti ndi dimba lanji lodzala mbewu n'cholinga choti zife. Mayi Tikwirire anangoyang'anitsitsa chipewa chawo, nkufunsa ngati chili cha ubweya weniweni. Atcheya anatuluka m'dimbamo chobwerera m'mbuyo, chipewa atachigwira ndi manja awiri, ndipo podutsa pageti anauza ahedi kuti kuuza mphunzitsi ndi ntchito ya ahedi.

Apa mpamene nsapato za ahedi zinayamba kutha msanga. Ankanyamuka muofesi mawu ali pakamwa, nkuzungulira bwalo lonse, nkukafika kudimba atawameza. Ulendo wina anabwerako ndi chule m'botolo woti amusunge mpaka mawa. Ulendo wina anabwerako ndi nyongolotsi pachikhatho, atauzidwa kuti asaifinye, ikupuma ndi khungu. Kukomiti ankanena kuti nkhani ili mkati. Kudimba ankanena kuti amangodutsa. Pabenchi panga ankangoti, "Amisiri, nditani?" Ine ndinkawauza kuti ntchito yanga imathera m'kakolo, zam'mwamba sindidziwa.

Chaka chimenecho mayi aja anayamba kuonda. Poyamba tinkati ndi kuyendayenda padzuwa, kenako diresi inayamba kuwalendewera, kenako khasu anasiyira ana. Sanasiye kubwera. Ahedi anatulutsa mpando wa muofesi mwawo, uja wa khushoni, nkukauika pakati pa mizere, iwo nkumalemba ntchito zawo ataima. Mvula yoyamba itagwa, ana anakwirira zawo monga mwa chaka chilichonse, mayiwo akuwalozera ndi kandodo. Ana atalowa m'kalasi, anaitana ahedi.

"Mwakhala mukubwera kudzandiuza chinthu. Nenani lero, mpando wanu womwe uno."

Ahedi anati amangofuna kudziwa za chule uja, ngati akudya bwino.

"Ya kalasi yatsopano ndikuidziwa. Maso ndili nawo, ana akulembera pamisana. Mangani. Koma mudikire mvula ithe, afukule zawo. Mwana ukamuuza kuti tidzaona, aone."

Ahedi analonjeza. Anandiuza pambuyo pake kuti funso la belu linafika pammero penipeni, koma anaona manja a mayiwo mmene analili pa kandodo kaja, nkulibweza.

Mvula isanathe, Mayi Tikwirire anatisiya. Kumanda kunapita sukulu yonse. Ana anaima mwakachetechete, akuyang'ana dothi likuthiridwa ngati anthu oidziwa bwino ntchitoyo. Pobwerera, kamtsikana kena kanagwira ahedi chala.

"Ahedi, tidzabwera liti kudzaona?"

Ahedi anayang'ana uku ndi uku kufuna woyankha, koma woyankha mafunso otere ndi amene tinali titangomusiya.

Komiti sinachedwe. Atcheya anati womanga wapezeka, ndipo akapita kwina sitimuonanso. Ahedi anapempha kuti adikire mvula ithe. Anafunsidwa chifukwa chake, nayankha kuti m'dimbamo muli sokosi ndi masupuni a ana. Makolo anayang'anana. Ataona kuti mawu awathera, ahedi anachita chinthu chimene mpaka lero sindidziwa ngati ndiseke kapena ndilire: anatenga buku la kanyemba koopa mdima m'katoni ija, nkuyamba kuwerengera komiti, akutembenuza buku kuti aliyense aone zithunzi. Mawu a kanyembako anawanena mopyapyala, monga ankachitira mwini wake. Mayi wina anapukuta maso. Bambo wina anagona. Atamaliza, atcheya anawathokoza mwaulemu, nati nkhaniyo njabwino, koma buku silifolera ana mvula ikamagwa. Anawonjeza kuti mwina pokumba maziko sukulu ipezanso belu lake. Manja anakwezedwa. A ahedi okha anatsala pamiyendo, atagwira buku.

Ahedi anapemphanso kuti ana afukule ngakhale nthawi isanakwane, koma womanga anabwera Loweruka, sukulu itatseka, chifukwa tsiku lomwelo ndi limene anabwereka makina okumbira. Ahedi anafika ndi wilibala, tayi ija ili m'khosi. Makinawo ankatembenuza dothi, iwo nkumatsatira pambuyo, akutola. Timitengo ta mayina tinathyoka paulendo woyamba, moti panalibenso kudziwa kuti supuni iyi ndi ya yani, chigamba ichi anakwirira ndani. Zina zinali zitayamba kuwola, zina zisanaganize nkomwe. Zonse zinalowa mu wilibala imodzi. Woyendetsa makina anawafunsa ngati akufuna chinthu chamtengo wapatali, iwo nkuti ayi, amangothandiza. Koma ine ndinkawaona. Makina akagunda mwala, ahedi ankaimirira njo, khutu lili tcheru. Munthu amene zaka zonsezi ankaopa kuti mphekesera ija ndi yoona, tsiku limenelo ankaipempherera. Anandiuza madzulo ake, nsapato zili matope okhaokha, kuti akanalipeza akanalitsuka nkuliliza kamodzi, ngakhale kusukuluko kunalibe mwana, kuti mayiwo amve kuti awagwira.

Lolemba ana anapeza dzenje la maziko ndi wilibala pakhomo pa ofesi. Ahedi anaima pambali pake nkuti aliyense atenge chake. Ana anasuzumira, koma palibe anatenga. Wina anati si mmene amachitira madamu. Ahedi anavomera kuti si mmene amachitira.

Kalasi ija inamangidwa, ndipo njabwino, ya mazenera akuluakulu. Ana akukhala momasuka, palibenso wolembera pamsana pa mnzake. Kuli belu lamagetsi limene limalira lokha, ndipo likalira bwalo limayera nthawi yomweyo, palibe wotsalira atagwada kuseri. Mphunzitsi watsopano wa sayansi ndi mnyamata waulemu, amajambula nyemba pabolodi ndi mizu yake yomwe, ana nkukopera bwinobwino. Kabati ya ahedi muli mapepala okhaokha, ndi katoni ya mabuku ija pansi pake. Nsapato za ana zimandifika zouma, zopanda dothi, ndipo zimakhalitsa, zimene kwa ine si nkhani yabwino. Ahedi amabwerabe pabenchi, nthawi zina ndi nsapato zosafuna kusokedwa. Amakhala, nkuyang'ana kumene kunali dimba, nkunyamuka belu likalira.

Dimba lija linakumbidwa lonse, ngodya ndi ngodya, kuzama kopitirira msinkhu wa mwana. Pa kamtumbira kopanda kamtengo kaja panatuluka tiketulo yobooka. Belu munalibe.