Holide ya ku Zalala Inathera kwa Ankhoswe

Nkhani iyi ndakhala ndikuibisa chaka chathunthu, koma poti ku Limbuli konse anaifalitsa kale, ena mpaka kuthirapo mchere wawo, bola muimve kwa mwiniwake. Ndi ya manyazi, ndipo wodzichititsa manyaziyo ndine ndemwe.

Ndimagwira ukalaliki pa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Makolo anga anabwera nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo itatha anabwerera kwawo kuseri kwa Milange, ine n'kutsala chifukwa cha sukulu. Ndinakwatira Esinati, ndipo ndili pachikamwini kwawo. Nyumba ndinamanga ndine, koma malo ndi awo, ndipo ana athu atatu, mwa mwambo wathu, ndi a mbumba ya a Muhiwa, amalume ake a Esinati. Zonsezi ndimazidziwa bwino. Kungoti chaka chatha mutu unandizungulira.

Anandizunguza ndi mnzanga wa mu ofesi. Anandionetsa zithunzi pa foni, iye ndi banja lake ali pa bichi ku Zalala, kufupi ndi Quelimane ku Mozambiki, ana akukumba mchenga, madamu atavala magalasi akuda.

"Aise, mkazi umam'panga sapulaizi," anatero. "Osamuuza ayi. Ungokonza zonse, tsikulo uone mmene adumphire!"

Ndinati mumtima, ameneyu sangandipose.

Ndinapeza loji ya m'mphepete mwa nyanja. Wolembetsa alendo kumeneko anali mayi wina, Dona Amelia, wochokera ku Milange, ndiye Chichewa ankachidziwa. Ndinam'funsa zonse pa foni: ngati pali posaya poti ana n'kusewera, ngati maneti a udzudzu alipo, ngati angatiphikire phala la Pempho, wachaka chimodzi ndi theka.

Pa chipata cha malire pa Muloza anandiuza kuti Quelimane ndi kutali, pafunika mapasipoti, ndipo mafomu a ana asainidwe ndi mayi wawo. Esinati pasipoti yake anali nayo kale, poti ankakaoda zitenje kutsidyako. Ndiye ntchito inali ya ana okha.

Ndinatsegula sutikesi ya Esinati iye ali kudimba, n'kutengamo zikalata zobadwira za ana. Loweruka ndinati ndikupita nawo kometetsa, koma tinakajambulitsa tizithunzi. Pobwerera ndinawagulira mafirizesi n'kuwanong'oneza.

"Tipita kutali, kwabwino kwambiri. Koma musawauze amama, mwamva?"

Tadala, wa zaka zisanu ndi ziwiri, anagwedeza mutu. Yamikani ali ndi zaka zinayi. Ndinam'sungitsa chinsinsi mwana wa zaka zinayi!

Lolemba lake ndinapinda mafomu aja kuti pangooneka pansi pokha.

"Mayi a Tadala, tasainani apa."

"N'chiyani?"

"Zakuntchito."

"Zakuntchito kwanu ndisaine ine? Tatambasulani ndione."

"Iyayi, ndi mafomu wamba basi."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kuika cholembera pansi. Sanasaine, ndipo kuyambira pamenepo ankandiyankha mawu amodziamodzi. Ine kupusa kwanga ndinkangoti mudikire, mudzandithokoza.

Lachitatu m'mawa, ndili kubafa, foni inalira ndipo anayankha ndi Esinati. Zimene anamva ndinazidziwa pambuyo pake. Mawu a mzimayi, aulemu ndithu: "Bom dia! Muwauze a Senhor Felisiyano kuti chipinda ndakonza. Anawo abwere nawo onse atatu, ndidzawasamala bwino."

Nditaweruka masana tsiku limenelo ndinapeza pakhomo pali zii. Pachingwe panalibe kachovala ka mwana ngakhale kamodzi. Sutikesi ya Esinati mulibe, ndipo chikwama chimene ndinabisa kuseri kwa matumba a chimanga nachonso mulibe. Ndinakhala pakhonde osadziwa kuti ndiyambire pati.

Amene anabwera ndi a Muhiwa. Ndi munthu wofatsa, telala wakale, ndipo sakweza mawu. Kukanakhala bwino akanandikalipira.

"Akamwini, ana ali kwa agogo awo, ndipo musapiteko. Tumizani uthenga kwa nkhoswe yanu. Loweruka m'mawa tikhale pansi."

"Koma amalume, ndifotokoze..."

"Mudzafotokoza Loweruka."

Masiku atatu amenewo sindinadye. Nyumba ya apongozi ili pafupi, moti ndinkamumva Pempho akulira koma sindikanatha kukam'nyamula. Foni ya Esinati inali yozimitsa. Ndinachita mantha enieni, chifukwa mkamwini akalephera mlandu wotere amanyamula bulangete lake n'kumapita, ana amatsala.

Loweruka tinakhala pansi pa mtengo wa mapeyala. Nkhoswe yanga, achimwene anga a Alubeto, anali atapalasa njinga kuchokera kuseri kwa Milange. Esinati anakhala pamphasa maso ali ofiira. Apongozi anga aakazi anakhala chapatali atayang'ana kumbali, monga mwa ulemu wake, poti iwo ndi ine sitiyang'anizana kapena kuyankhulana mwachindunji.

A Muhiwa anatsegula chikwama changa n'kuyamba kuyala zinthu pamphasa. Zikalata za ana. Tizithunzi. Mafomu aja, tsopano otambasula bwinobwino. Ndalama za ku Mozambiki zimene ndinasintha pa Muloza.

"M'banja muno zinachitikapo," anatero. "Mchemwali wanga wina anakwatiwa ndi munthu wa kutsidyako, waulemu ngati inu nomwe. Tsiku lina anati akukaonetsa ana kwawo. Mpaka lero sitikudziwa ngati ali moyo. Ndiye Yamikani akatiuza kuti adadi akuti tipita kutali tisawauze amama, ife tiganize chiyani?"

Ndinayang'ana achimwene anga kuti andithandize. Anandiweramira n'kunong'ona, koma kunong'ona kwawo n'kwa munthu wozolowera kuitanizana m'munda.

"Iwe ukanandiuza, bwenzi nditakudutsitsa njira ya kumtsinje, yopanda mapepala!"

Aliyense anamva. Esinati analira mokweza. A Muhiwa anangogwedeza mutu pang'onopang'ono.

"Ayi, ayi, si choncho!" ndinakuwa. "Timati tipite ku holide! Tonse, ndi mayi awo omwe! Ku Zalala, kunyanja!"

"Kuli abale anu kumeneko?"

"Ayi."

"Kuli maliro? Matenda?"

"Ayi, amalume."

"Ukwati? Geni?"

"Ayi."

"Ndiye mukukaona ndani?"

"Palibe. Tikungopita kukasambira."

"Kukasamba." A Muhiwa analoza kuphiri. "Mitsinje yonseyi ikutsika apa, Muloza ali apo, Ruo ali uko. Inu muwoloke malire ndi ana atatu, ulendo wa tsiku lathunthu, kukasamba?"

Nditazimva m'kamwa mwawo, ngakhale ine ndemwe zinandimvekera ngati bodza.

"Nanga mzimayi wokonza chipindayo ndani?" anafunsa Esinati, osandiyang'ana. "Woti adzasamale ana anga?"

"Ndi wa pa loji!"

"Tsiku lonse muli pa foni kuseri kwa nyumba ndi wa pa loji?"

A Muhiwa anapitiriza kupisa m'chikwama. Anatulutsa tindowa tiwiri ta pulasitiki, zipewa za ana, ndi thayala lopopa la mutu wa bakha. Ndinayamba kupuma, poti izi zinali kumbali yanga. Kenako dzanja lawo linafika pansi penipeni, ndipo ndinakumbukira chimene ndinagula pa kaunjika tsiku la msika. 

Anachikweza ndi zala ziwiri. Kosityumu yosambira ya amayi, yofiira, ya zidutswa ziwiri, zingwe zambiri kuposa nsalu.

"Ine ndasoka zovala zaka makumi atatu," anatero. "Ichi si cha mwana."

 Achimwene anga anavula chipewa n'kubisamo nkhope. Esinati anadzuka, anamanga chitenje chake mwamphamvu.

"Amalume, ndaona zokwanira. Munthuyu azipita kwa mkazi wakeyo, koma ana anga asawakhudze."

Ndinaona banja langa likutha pamaso panga. Ndinatulutsa foni, ndinaimba nambala ya ku loji n'kuika pa sipika. Inaitana kamodzi, kawiri, katatu. Ndinapemphera kuti netiweki ya pamalire isandichite chipongwe. Kachisanu, anayankha.

"Bom dia, Senhor Felisiyano!"

"Dona Amelia, chonde, tauzani anthu ali panowa. Chipinda chija ndinalembetsa anthu angati, ndipo mayina awo ndani?"

Kunamveka kutsegula mapepala. "Anthu asanu. Inuyo, Senhora Esinati, Tadala, Yamikani ndi kamwana Pempho, kaphala kam'mawa kopanda shuga wambiri. Munatinso pa bedi la a Senhora tidzaike maluwa. Pali vuto?"

"Palibe, mayi," anayankha a Muhiwa. "Pepani takusokonezani pa ntchito."

Esinati anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Anagwira pakamwa, ndipo sindinadziwe ngati akulira kapena akuseka.

"Maluwa?" anatero. "Bambo a Tadala, inu mumapenga eti? Ine masiku atatu osadya chifukwa cha maluwa?"

A Muhiwa anapukuta magalasi awo. Anati mlandu wakuba ana palibe, pali mlandu wa uchitsiru, ndipo umenewo chindapusa chake ndi tambala mmodzi. Anati ana abwerere kunyumba lero lomwe, ndipo za ulendowo tidzakambirana bwinobwino ngati anthu. Ndinaomba m'manja katatu, misozi ili m'maso. Achimwene anga anayamba kale kufunsa komwe kuli tambalayo.

Tikuti tidzuke, apongozi anatsokomola, akadayang'anabe kumbali.

"Achimwene," anatero kwa a Muhiwa, "tawafunsani akamwiniwo. Ngati mkazi wina palibe, kansalu kofiirako n'ka ndani?"

Ndinayang'ana pansi. Esinati ndi tcheya wa kwaya ya amayi kutchalitchi kwathu, ndipo ngakhale pochapa kumtsinje savula duku.

"Yankhani, akamwini," anatero a Muhiwa.

"Ndinagulira mwana wanu."

"Kuti azivala mkati?"

"Ayi. Kunja."

"Pamaso pa anthu?"

"Kumeneko onse amavala choncho, amalume."

Apongozi anatembenuka. Pa zaka khumi ndi chimodzi za ukwati wanga, aka kanali koyamba kundiyang'ana m'maso ndi kundiyankhula ine mwini.

"Akamwini," anatero, "bola mukanati n'ka chibwenzi. Mlandu umenewo timaudziwa kaweruzidwe kake!"

Phunziro langa ndi limodzi lokha: ukakhala pachikamwini, sapulaizi uziyamba wawauza amalume.