Tsiku Limene Thabwa Linandiyendetsa Chambuyo

Mpaka lero ndikaona pulagi yofiira m'sitolo, ndimadzigwira pamimba, pamalo enieni pamene thabwa linanditsamira. Ndikuuzani mmene zinayendera, koma musafulumire kundiseka. Munthu akasungulumwa, pakamwa pake pamalonjeza zinthu zimene mutu wake sukuzidziwa.

Ananditumiza kuno ku Phalombe, cha ku Mkhumba, kudzagwira ntchito ya ukalaliki pa kaofesi ka zaulimi. Kwathu ndi ku Kasungu. Mayi a kunyumba ndi aphunzitsi, ndiye anatsala komweko ndi ana podikira kuti nawonso awasamutse (tikudikirabe). Choncho ndinapezeka ndili ndi nyumba yonse, mpando umodzi, ndi wailesi imene ndinkaiyankha ikamalonjera omvera. Anthu kuno amati ukakwera phiri la Michesi n'kupeza chakudya chokonzakonza, uzidya wekha osaitana mnzako, apo ayi mizimu ikusowetsa. Nditamva zimenezo ndinati mizimu imeneyi ine singandipeze chifukwa, pakuti pa nkhani yodya ndekha ndinali katswiri kale.

Tsidya lina la msewu, pafupi ndi chigayo, pali shedi ya a Namakhwa, kalipentala wa dera lino. Madzulo alionse azibambo ankasonkhana pamenepo pa benchi yaitali, a Namakhwa akupala matabwa ndi puleni yamanja, enawo akutafuna chinangwa ndi kuseka mpaka kugwira nthiti. Nkhani zinkayenda m'Chilomwe. Ine ndikangofika, onse ankaimirira n'kunena kuti takulandirani bwana, kenako n'kutembenukira ku Chichewa chaulemu cha mitengo ya nandolo ndi mvula ya chaka chino. Kuseka kunkathera pomwepo. Ndikatsanzika, ndisanawoloke n'komwe msewu, kunkayambiranso kumbuyo kwanga. Sankandida ayi, ankangondilemekeza, ndipo ulemu wotere umazizira. Chimene ndinkafuna sichinali chachikulu: malo pa benchi ija, popanda munthu kuimirira.

Mwayi unabwera pa lole. Mwana wa a Namakhwa wa ku Joni anatumiza makina opalira matabwa, akale koma amphamvu, okhala ndi mota yofuna magetsi ngati a ku chigayo, aja amati firii fezi. Mkulu wina wa zamagetsi wa ku boma anabwera, nakoka mawaya mpaka pakhoma la shedi n'kuikapo bokosi la swichi. Chinatsala ndi pulagi ndi soketi yake, chifukwa a Namakhwa sankafuna makina omangirira kukhoma. Ankafuna kuti akamaweruka azizula pulagi n'kukankhira makinawo m'chipinda chokhoma, poopa akuba. Wa zamagetsi uja anati abwera nazo sabata yamawa, kenako anapita kukagwira ntchito ina ku Nsanje ndipo foni yake inasiya kupezeka.

Makina anakhala pakona atafunditsidwa chitenje, ndipo azibambo ankangowayang'ana n'kupukusa mitu. Tsiku lina ndikudutsa, ndinangomva pakamwa panga pakunena kuti pulagi ndi nkhani yaing'ono, ine zamagetsi ndimazidziwa. (Zimene ndinkadziwa ndi izi: ndinalumikizapo pulagi ya ayironi ya mayi a kunyumba, ndipo nyumba sinapse.)

A Namakhwa anaika puleni pansi. "Paja akuluakulu anati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tithandizeni, bwana."

Tsiku limenelo a Muhiwa, mnzawo wa a Namakhwa amene amawagulitsa matabwa, anandisendezera chinangwa chootcha. Ndinawoloka msewu ndikuimba mluzu.

Nzeru yanga yoyamba inali yachidule. Magetsi ake akuti ndi a mawaya atatu amoto, pulagi ya m'nyumba ili ndi mano atatu, nanga vuto lili pati? Ndinagula pulagi yoyera pa golosale n'kupita nayo ku shedi, sikuludiraiva ili m'thumba la malaya kuti izionekera. Nditasenda chingwe cha makina, munatuluka mawaya anayi, aliyense wonenepa ngati pensulo. Ndinawawerenganso poganiza kuti mwina mmodzi asintha maganizo, koma anakhalabe anayi, ndipo panalibe ndi mmodzi yemwe wokwana m'timabowo ta kapulagi kanga. A Muhiwa anafunsa mwaulemu ngati wachinayiyo ndi wapadera, wosungira tsiku la mavuto. Ndinayankha kuti iyi ndangobwera nayo yoyezera, yeniyeni ili ku Limbe.

Loweruka ndinalawirira kukakwera minibasi. M'sitolo ya hadiweya ku Limbe ndinapeza mayi wina wogulitsa, wa magalasi, amene sanataye nthawi. Anandifunsa ngati ndikufuna ya mano anayi kapena asanu, ya maampu angati, ndiponso kuti pa kachitsulo kamene amakhomera pa mota palembedwa chiyani. Kachitsulo kameneko ine sindinakaone n'komwe. Koma kumbuyo kwanga kunali mzere wa amisiri ovala maovolosi, ndipo kunena kuti sindikudziwa kunandikanika. Ndinangoti andipatse yaikulu, chifukwa makina ake ndi aakulu. Anandipatsa pulagi yofiira, yaikulu ngati papaya, ya mano asanu. Soketi yake inali itatha, ndiye ndinakaigula m'sitolo ina kuseri, kumene ndinangoloza yofiira imene ndinaiona pa shelefu. Zonse ndi zofiira, ndinatero mumtima, ndiye kuti ndi pachibale. Safunsa anadya phula.

Mawa lake madzulo, anthu atabwera kutchalitchi, benchi inadzaza. Ndinatulutsa katundu wanga m'jumbo mwaulemerero, pulagi dzanja ili, soketi dzanja ili, n'kuzikumanitsa kuti onse aone. Zinakana. Ndinatembenuza, zinakanabe. Pulagi inali ndi mano asanu, soketi inali ndi mabowo anayi, ndipo ngakhale mano akanafanana, chimutu cha pulagicho chinali chachikulu kuposa kukamwa kwa soketi. A Muhiwa anazitenga, naziyang'ana mbali zonse, nandibwezera.

"Bwana, mkamwini uyu wakula kuposa khomo la apongozi. Banja ili silikhala."

Benchi yonse inafa ndi phwete. Manyazi anandigwira mpaka m'makutu, koma pakati pa manyaziwo ndinazindikira kanthu kena: aka kanali koyamba kuti anthuwa aseke ine ndili pomwepo, m'chinenero chimene ndikumva. Kunena zoona mtima unakoma. Ndinalonjeza kuti ndibwereranso ku Limbe.

Ulendo wachiwiri ndinadzichepetsa. Ndinajambula kachitsulo kaja pa foni n'kukaonetsa mayi wa magalasi uja. Anawerenga n'kundiuza kuti mota imeneyi imafuna mano anayi basi, atatu amoto ndi limodzi la efi loteteza munthu kuti asagwidwe ndi magetsi, ndipo kuti chipulagi chachikulu chija n'cha makina olemera kuposa awa. Anandisinthira ndi yaing'onoko, natenga soketi ija n'kuzilowetsana pa kauntala ine ndikuona. Zinagwirana bwinobwino. Ndinabwerera nditafukata jumbo pamiyendo, ndili wosangalala koma wopanda womuuza. Tikudutsa ku Chiradzulu ndinaimbira foni mayi a kunyumba kuti ndiwafotokozere kupambana kwanga. Anati ana akusokosa sakumva bwino, koma ndisamakagwire mawaya a eni ake.

Polumikiza ndinayamba ndathimitsa swichi ya pabokosi (pokhapa m'nkhani yonseyi ndi pamene ndinachita zanzeru). Waya wobiriwira ndinamuika pa dzino lonenepa la efi, monga mayi uja anandiuzira. Anatsala atatu amoto, ndi malo atatu. Palibe anandiuza kuti uyu akhale apa, uyo akhale apo, ndipo onse ankakwana paliponse. Ndinawagawira malo monga momwe anakhalira m'dzanja langa, n'kumanga zolimba.

A Namakhwa anakonza zoti makina ayambe ntchito Loweruka masana, anthu akuona. Akazi awo anaphika nyemba za kalongonda ndi thobwa lodzaza beseni. Kunabwera mkulu wa mpingo kudzapemphera, amayi a pachigayo ndi zitini zawo, ngakhalenso a kabaza anaimika njinga zawo. Ine ndinavala malaya oyera ndi nsapato za ku ofesi. Pemphero litatha ndinalowetsa pulagi, a Namakhwa anakweza swichi, ndipo mota inalira mwamphamvu mpaka malata a shedi ananjenjemera. Amayi analulutira. Ndinayang'ana pansi modzichepetsa, ngati munthu wozolowera zotere.

Kenako a Namakhwa ananyamula thabwa lalitali la mbawa n'kundipatsa. "Inu ndi amene mwavutika ndi maulendo. Thabwa loyamba ndi lanu."

Makina amenewa, kwa amene simuwadziwa, amakoka okha thabwa. Iwe umangolilozetsa kukamwa, iwo amalimeza n'kulitulutsa mbali inayo lili see. Langa ndinalilozetsa, koma silinalowe. Ndinakankha, linabwerera m'manja mwanga. Ndinamwetulira anthu, n'kutsamiritsa nsonga yake pamimba, ndipo ndinakankha ndi thupi lonse. Linalowa ndithu kutalika ngati mkono. Apo makina analigwira n'kuyamba kulibweza, osati mwaukali, koma mosakambirana. Ndinayamba kuyenda chambuyo, nsapato zikuterera pa utuchi, ndikumwetulirabe kuti anthu aziganiza kuti ndi mmene zimakhalira. Zidendene zinagunda kanthu, ndipo ndinakhala pansi. Ndinakhala m'beseni la thobwa.

A Namakhwa anathimitsa swichi. Ndinadikira kuti anthu aseke, koma kunali zii. Onse ankayang'ana thabwa, osati ine. Mkulu wa mpingo anafunsa motsitsa mawu kuti mtengo umenewu unadulidwa kuti, ndipo maso onse anatembenukira kwa a Muhiwa, amene anavula chipewa. Zinadziwika kuti mbawa imeneyi inachokera ku Michesi, kumtunda kwenikweni kumene anthu sapitako ndi nkhwangwa. Pomwepo mkangano unabuka m'Chilomwe. Amayi ankaloza phiri, a Muhiwa ankalumbira manja ali pamutu, ndipo mkulu wa mpingo ankaoneka kuti akudzudzula zokhulupirira mizimu, ngakhale anali atasendera kutali ndi thabwalo.

Ine ndinali chikhalire m'beseni, osamva ngakhale liwu limodzi. Palibe anaganizako kuti mwina vuto ndi pulagi ya bwana. Akanandinyoza ndikanakondwa, chifukwa munthu amanyoza amene akumuwerengera. Sindinasungulumwepo m'moyo mwanga ngati mmene ndinasungulumwira masana amenewo, pakati pa khamu la anthu, thobwa likulowa m'thalauza. Ndinadzuka mwakachetechete n'kuwoloka msewu, ndipo zimene zinandiperekeza ndi ntchentche basi.

Masiku otsatira ndinkazembera kuseri kwa chigayo popita kumsika. Ndinamva kwa mlonda wa pa ofesi kuti a Muhiwa anamanga thabwa lija panjinga n'kukalisiya m'munsi mwa phiri, napepesa mizimu. Makina anafunditsidwanso chitenje. Mumtima ndinkakayikira mawaya anga atatu aja, koma panalibe amene anabwera kudzandifunsa.

Tsiku lina ndikuchapa, ndinamva odi pakhomo. Ndinachedwa kuyankha chifukwa ndinkayesa kuti ndi kwa aneba. Anali a Namakhwa, utuchi uli m'tsitsi, maso akuseka.

"Alamu, tiyeni mukaone. Mizimu ija yapezeka. Inali mu pulagi yanu."

Ku shedi tinapeza wa zamagetsi uja atabwerako ku Nsanje. Anandionetsa mmene anatsegulira pulagi n'kusinthanitsa mawaya awiri okha. Anati mota ya firii fezi imazungulira motsata mmene mawaya atatu aja atsatirana, ndipo ukasemphanitsa awiri imathamanga ndi mphamvu yomweyo koma chambuyo. Anati zimachitikira aliyense, n'chifukwa chake umayamba wayatsa pang'ono n'kuona kumene ikuzungulira, thabwa lisanafike pafupi ndi mimba. Nditatembenuka, benchi inali yodzaza ndipo palibe anaimirira. A Muhiwa, amene anali atapita kale kuphiri kukatenga thabwa lawo n'kupeza lapita ndi ena, anasendera pang'ono n'kugogoda thabwa la benchi.

"A Rivesi, khalani apa. Mutiuze bwinobwino mmene thobwa linkakomera."

Ndinakhala. Aliyense anatsanzira mmene ndinayendera chambuyo, tonse tikuseka mpaka misozi. Madzulo amenewo ndinali munthu wokondwa kuposa onse mu Phalombe.

Ndikanakonda nkhaniyi ikanathera pamenepa. Koma makina aja, atangoyamba kuyenda chakutsogolo, anabweretsa ntchito yambiri: zitseko, mabokosi a maliro, madesiki a sukulu. Mota imalira kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa, ndipo pa benchi munthu sangamve ngakhale chifuwa chake chomwe. Azibambo anayesa kucheza mofuula, kenako ndi manja, kenako anayamba kusowa mmodzimmodzi, aliyense kukhonde kwake. Ndikaweruka ndimapitabe. A Namakhwa amandikwezera dzanja, thonje lili m'makutu, n'kubwerera ku thabwa lawo. Benchi imene ndinaivutikira maulendo onse aja tsopano ndi yanga yonse, ndikhoza kugonapo.

Ngati mukufuna phunziro, tengani ili: zamagetsi zisiyireni eni ake, ndipo pulagi ndi soketi muzizilowetsana musanatuluke m'sitolo. Ine ndinaphunzira. Koma pali kanthu kamodzi kamene sindinauze munthu kuno. Magetsi akathima, a Namakhwa amatulutsa puleni yamanja, azibambo amatulukira mbali zonse ngati aitanidwa, ndipo benchi imadzaza mpaka kupanikizana. Choncho masiku ano ndimagwira ntchito zenera la ofesi lili lotsegula, khutu lili tsidya la msewu. Dera lonse limatukwana mota ikangoti zii pakati pa tsiku. Ine ndimatukwana nawo kuti ndisaonekere, kwinaku ndikufunafuna kiyi wotsekera ofesi.