Liboni Lanu ndi Batire Langa

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Zipatala,

Bwana,

Ndikulemba kalatayi nditavula chipewa, ngakhale ndili m'nyumba mwanga ndipo inu simukundiona. Ndine munthu wamba, kalaliki wopuma wa ku positi ofesi, amene ndinadinda makalata a anthu ena zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osalemberapo munthu wamkulu ngati inu. Sukulu ndinalekezera ku sekondale, choncho mukapeza mawu opindika muwawongole ndi chifundo chanu chodziwika chija. Makalata atatu ndinakutumizirani kale ku ofesi, masitampa nditamata ndekha mowongoka bwino. Poti yankho silinabwere, ndaganiza kuti mwina mumakonda kuwerenga anthu akuonerera, monga mmene mumachitira zabwino zanu zina zonse. N'chifukwa chake iyi ndaipereka ku nyuzipepala.

Cholinga changa n'kuthokoza. Koma munthu wopemphera sathokoza ali ndi nsanza za machimo m'thumba, ndiye mundilole ndiyambe ndavula.

Zaka zisanu ndi zitatu zapitazo ndinagwa pa kauntala, chidindo chili m'manja. Mtima unathamanga ngati wakuba, kenako n'kusokonezeka osapopanso magazi. Mwamwayi sabata imeneyo pachipatala chachikulu panali madokotala alendo, ndipo anandicheka pang'ono m'munsi mwa phewa lamanzere n'kulowetsamo kachipangizo kangati bokosi la machesi, kokhala ndi batire ndi waya wotsikira mumtima. Ntchito yake n'kumvetsera. Mtima ukachita ulesi, kamaukodola kuti uyende. Ukapenga, kamaumenya ndi magetsi kamodzi, phaa! mpaka nzeru zibwerere. Mayi a kunyumba, amene ndi atelala, anakatcha Kamlonda, ati poti ndi mlonda yekhayo amene sanagonepo pantchito.

Tchimo loyamba nali. Nditatuluka m'chipatala ndinaima kutsogolo kwa mpingo kuti ndichitire umboni. Ndinkafuna kunena zoona, Bwana, koma anthu atayamba kuwomba m'manja lilime linaterereka, ndipo ndinati Ambuye andichiritsa popanda mpeni. Tchalitchi chonse chinaimirira. Kuyambira tsiku limenelo ndimamanga mabatani a malaya mpaka pakhosi ngakhale kutenthe chotani, ndipo anthu amati ndi ulemu. Chaka chotsatira anandisankha kukhala mkulu wa mpingo, n'kundipatsa udindo wotolera mafoni m'basiketi pakhomo, pakuti abusa athu amadana ndi foni yolira kuposa mmene amadanira ndi Satana.

Tchimo lachiwiri. Chaka chachinayi, tili pakati pa nyimbo yothamanga, mtima unapenganso ndipo Kamlonda kanagwira ntchito yake. Ndinamva ngati wina wandimenya ndi thabwa pachifuwa, ndinakuwa, ndinagwa pakati pa mabenchi. Ndikutsegula maso ndinapeza amayi atandizungulira akuti Mzimu watsika pa akulu. Sindinatsutse. Ndinangoti ameni. Koma tsiku limenelo pakanapanda kabokosi kameneka, bwenzi nyimbo yotsatira ili ya maliro.

Tsopano tafika pa chimene chandilembetsa. Masabata asanu ndi awiri apitawo Kamlonda kanayamba kulira. Tsiku lililonse, mphindi makumi awiri pambuyo pa teni koloko m'mawa, m'chifuwa mwanga mumamveka kakuti tii-too, tii-too, ngati ambulansi ya nyerere. Pakati pa sabata si vuto, ndimangotsegula wailesi. Koma Lamulungu, Bwana, nthawi imeneyo ndi ya pemphero la chamumtima, pamene mpingo wonse umakhala zii, aliyense akuulula machimo ake mwakachetechete.

Lamulungu loyamba ndinali chiimire kumbuyo, basiketi ya mafoni nditaikumbatira pachifuwa. Kulira kutayamba, abusa anatsegula diso limodzi. Ine, mkulu wa mpingo, munthu wa imvi, ndinayamba kufufuza m'basiketi mwaukali, n'kutulutsa foni yoyamba imene dzanja linagwira, n'kuikweza m'mwamba. Inali ya mlamu wanga, mlongo wawo wa mayi a kunyumba, amene amaimba kiyibodi. Ili ndilo tchimo lachitatu. Mlamu analumbira kuti foni yake inali yozima, koma mawu a woimba kiyibodi ndi mawu a mkulu wa mpingo salemera mofanana. Anamuimitsa kuimba miyezi iwiri, ndipo kwaya tsopano imayamba nyimbo aliyense poyambira pake.

Lamulungu lachiwiri ndinayambitsa nyimbo mokweza pakati pa pemphero la chete, anthu n'kumati akulu adzozedwa. Kuyambira Lamulungu lachitatu ndimathawira kuchimbudzi ikangokwana teni koloko, moti amayi a mu komiti ya odwala anditumizira kale mankhwala a m'mimba kawiri. Ena ayamba kunong'ona kuti n'chifukwa chiyani mimba ya akulu imawapotokola pa nthawi yolapa yokha.

Mlamu si wopusa. Tsiku lina anandipeza pakhonde n'kunena kuti, alamu, khutu langa ndi la woimba, kulira kuja sikunachokere m'basiketi, kunachokera kuseri kwa basiketi. Anandiyang'ana pa batani lapakhosi nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati ndameza foni. Mayi a kunyumba ndiye sakuseka. Akuti, bambo, inu mwabisa mlonda wanu zaka zisanu ndi zitatu, ine ndakhala chete, koma mlongo wanga sasenza mtanda wa foni imene sinalire. Koma akamanena zimenezi amakhala ataika dzanja pachifuwa changa, ndipo makina awo osokera masiku ano amaima ikamakwana teni koloko.

Ndinapita kuchipatala tsiku lachitatu la kulirako. Anesi a ku mitima, mayi wodekha amene wakhala akundiona chiikireni kachipangizoka, anandiuza kuti kulira kotere kumatanthauza chimodzi mwa ziwiri: kaya batire latsala pang'ono kutha, kaya waya wavulala. Ngati ndi batire, anati, mwina ndili ndi miyezi itatu kuti andisinthire. Wodziwa zoona ndi makina oyezera, ofanana ndi kasutikesi, okhala ndi kachingwe kamene amaika pachifuwa. Pa mphindi khumi makinawo amafunsa Kamlonda n'kutulutsa pepala, ndipo popanda pepala limenelo a kosungira katundu saitanitsa kachipangizo katsopano. Makina akale anafa chaka chatha. Atsopano alipo. Apa ndi pamene kuthokoza kwanga kukuyambira.

1. Zikomo, Bwana, chifukwa cha Chipinda cha Mitima chatsopano. Anesi anandilola kusuzumira pawindo. Penti yoyera, makatani obiriwira, bedi losagonedwapo, ndipo pakona makina aja ali phee m'pulasitiki yawo ngati mkwatibwi. Pakhomo pali liboni lofiira lomangidwa uku ndi uku, ndi chikwangwani chokutidwa ndi nsalu, chimene akuti pali dzina lanu. Mayi wokolopa amakolopa mpaka pa liboni n'kubwerera. Sindinaonepo chipinda cha odwala chaukhondo chotere, ndipo ndazindikira chinsinsi chake: chimene chimadetsa zipatala ndi odwala.

2. Zikomo chifukwa cha kalata ya ku ofesi kwanu yoletsa aliyense kukhudza makinawo inu musanadule liboni. Anthu osaphunzira akung'ung'udza, koma ine monga mkulu wa mpingo ndikumvetsa. Chinthu sichigwira ntchito chisanadalitsidwe. Tangoganizani manyazi ake, inu kufika ndi makamera n'kupeza makina atapulumutsa kale anthu khumi popanda chilolezo.

3. Zikomo posintha tsiku la mwambowu katatu m'miyezi isanu. Koyamba kunagwa mvula, ndipo sitikanafuna kuti suti yanu inyowe. Kachiwiri munapita ku msonkhano wa kunja wokambirana njira zofulumizitsira chithandizo. Kachitatu zinapezeka kuti mwalandira digiri yaulemu, ndipo chikwangwani chinabwezedwa kwa wosema kuti awonjezere ulemu watsopanowo pa dzina lanu. Pakali pano liboni loyamba linasuluka ndi dzuwa la pawindo, anagula lina. Ndiye kuti pa ife tonse odikira pakhomo paja, amene wasinthidwa pa nthawi yake ndi liboni. Sindikuchita nsanje. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale nkhono siyendera batire.

4. Ndinawerenga kuti mwezi watha munakwera ndege kukayezetsa mtima wanu, ndipo madokotala a kumeneko anati uli bwino. Kunyumba kwathu tinagwada n'kuyamika. Mlamu yekha ndi amene anafunsa ngati anaupezadi, koma musamuwerengere, ndi munthu wopwetekedwa.

5. Zikomo chifukwa cha benchi ya pakhonde la chipatala, imene yatipatsa abale atsopano. Lachiwiri lililonse timakumanapo ife a mabatire: ine, mayi wina wogulitsa nsalu amene kachipangizo kake n'kongokodola mtima waulesi, ndi bambo wina, dalaivala wopuma, amene kake kanayamba kulira mwezi wathunthu kanga kasanayambe. Dalaivalayu ndi wanthabwala. Amati ife ndife mafoni opanda tchaja, ndipo akandiona amafunsa kuti, akulu, mwatsala ndi timizere tingati? Masabata awiri tsopano sanabwere. Anesi nditawafunsa anayang'ana m'kaundula nthawi yaitali, kenako anandifunsa ngati ndikumwa mankhwala anga. Sindikunena kanthu, Bwana. Mwina anachira popanda mpeni, ngati ine.

6. Chachikulu koposa, zikomo chifukwa cha ntchito yauzimu imene mwagwira mwa ine. Abusa alalikira za kulapa zaka zisanu ndi zitatu ine osagwedezeka. Inu, osalankhula liwu ndi limodzi lomwe, mwandigwaditsa m'masabata asanu ndi awiri. Mukanatsegula chipindacho pa nthawi yake, bwenzi atandisinthira batire mwakachetechete, ine n'kupitiriza kunama mpaka kumanda. Choncho, abusa anga, ngati mukuwerenga: mpeni unalipo, chipsera chilipo, Lamulungu likubwerali ndimasula batani pamaso pa mpingo. Ambuye anandichiritsadi, koma anadzera m'manja mwa madokotala ndi m'kabokosi ka magetsi, ndipo ine ndinachita manyazi ndi njira imene anasankha. Mlamu wanga abwerere pa kiyibodi. Basiketi mupatse wina. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Tsopano pempho langa, ndipo ndalichepetsa kuti likwane m'nthawi yanu yochepayo.

Sindikupempha kuti mubwere msanga. Ndani ine kuti ndithamangitse a Nduna? Ndikungokumbutsa kuti mayi a kunyumba ndi atelala a zaka makumi atatu, ndipo sizasi yawo ndi yakuthwa. Akuti mutangolola, iwo angadule liboni lija pambali penipeni, pafupi ndi msomali, ife a pabenchi n'kulowa, anesi n'kutiyeza, kenako iwo n'kulisokanso ndi ulusi wofiira mwa luso loti ngakhale kamera siingaone msoko. Pulasitiki ya makina tidzaibwezeretsa, bedi tidzaliyala, mayi wokolopa walonjeza kufufuta mapazi athu. Inu mudzapeza zonse zili zatsopano, ndipo palibe adzaulule kuti tinapulumuka inu musanafike. Pa kusunga chinsinsi chotere mungandikhulupirire, mwaona nokha kuti ndili ndi luso.

Ngati sizasi ya telala ingachepetse ulemu wa liboni la boma, tiloleni tingokwawa pansi pake. Ndayeza ndi maso, mpata ulipo. Maondo anga anazolowera kugwada, ndipo mayi wa nsalu uja akuti adzayala chitenje kuti tisadetse simenti.

Zonsezi zikakanika, musadzivute, Bwana. Mwa kuwerenga kwa anesi ndatsala ndi masabata asanu kapena asanu ndi limodzi, ngati vuto ndi batire. Ngati ndi waya, wodziwa ndi Mulungu ndi makina ali m'pulasitiki aja. Likubwera Lamulungu lina limene pemphero la chamumtima lidzadutsa lonse popanda tii-too, mpingo n'kupuma, abusa osatsegula diso. Tsiku limenelo mlonda adzakhala atagona, ndipo mtima ukadzapenganso sipadzakhala woumenya. Zikadzatero, zolankhula zimene alembi anu anakukonzerani zija musadzataye. Mudzangosintha mawu awiri atatu n'kubwera nazo kwathu, makamera omwe, mpingo udzakupatsani mpando wakutsogolo. Ndipo mukadzafuna kusintha tsiku kachinayi, sinthani momasuka. Ndikulonjeza kuti pa nthawi imeneyo ndidzakudikirani osadandaula, osalemba kalata, osalira ngakhale pang'ono.

Ndine wanu wokupemphererani tsiku lililonse, makamaka ikangopitirira teni koloko,

Mkulu wa Mpingo Wotula Basiketi,
wachiwiri kuchokera kumanzere pa benchi ya Lachiwiri.