Ndinapita Kukachira, Ndinakagona

Mwana wanga woyamba tsopano ali ndi imvi, koma amangodziwa kuti anachedwa kubadwa. Zoti amayi ake ananyamulidwa ngati thumba la ufa pakati pa Woodlands, anthu akuimba, sindinamuuzepo.

Tinkakhala ku Kabwata, zaka zija za chipani chimodzi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mitengo ya jakaranda itachita maluwa misewu yonse. Masiku anga anali atapitirira ndi sabata. Amuna anga, omwe anali kalaliki m'boma, ankayenera kunyamuka Lolemba kupita ku Kitwe kukaphunzira miyezi itatu, ndipo ine ndinkafunitsitsa kuti mwanayo amunyamuleko kamodzi asanakwere sitima.

Ku sikelo ba sisita anali atatichenjeza kale za mankhwala ofulumizitsa matenda a uchembere, ndipo ndinagwedeza mutu pamodzi ndi anzanga (kugwedeza mutu ndimatha). Koma Lachisanu m'mawa ndinakagogoda kwa Amake Tisa, mayi wa ku Petauke amene tinkayandikana makomo. Ankaimba kwaya kutchalitchi, koma ankasunganso mizu m'chitini cha mabisiketi.

"Uwilitse, umwe kapu imodzi chabe," anatero pondipatsa kamtolo. "Ukamwa uyende, mwana wanga. Usakhale pansi."

Ndinamwa kapu imodzi. Inkanunkhira dothi la mvula yoyamba. Sindinamve kanthu, choncho ndinawonjezera ina (kusukulu masamu ndinkakhoza, koma tsiku limenelo ndinaganiza kuti makapu awiri ndiye kuti mwana afika masana). Kenako ndinauyamba ulendo.

Nditafika cha ku Woodlands, msewu unayamba kufewa ngati matiresi. Maluwa ankagwa pang'onopang'ono, lililonse likuyamba laima m'malere kundiyang'ana. Patsogolo panali amayi a chipani atavala zitenje zofanana, atandanda m'mbali mwa msewu kudikira mlendo wina wochokera kunja kuti amuimbire podutsa. Ndinati ndikhale patsinde pa mtengo ndimvere nyimbo imodzi yokha.

Ndinapezeka ndili m'bwato pamtsinje wa Luangwa, madzi ali zii. Mwana wanga anali atabadwa kale, atakhala kutsogolo kwa bwato atavala tayi, fayilo ili kukhwapa ngati atate ake. Anandiuza mwaulemu kuti nkhani yanga akuidziwa, ndibwerenso sabata yamawa. Bwato linkagwedezeka mokoma, ndipo angelo ankaimba pafupi kwambiri, moti nane ndinayamba kuvomera.

Bwato limenelo, ndinadzamva pambuyo pake, chinali chitenje. Amayi aja atandiona ndili kwala, mimba kumwamba, ndikubuula (ena amati unali mkonono), anati matenda ayamba. Tcheyamani wawo anaimitsa galimoto ya boma, anandinyamula m'chitenjecho n'kundikweza kumbuyo, ndipo amene anakwana anakwera nawo akuimbabe.

Ndinatsegula maso m'chipatala. Pamutu panga panaima ba sisita omwe aja a ku sikelo, pambali pawo amuna anga, thukuta lili kamukamu, atawaitanitsa mwachangu kuchokera ku ofesi.

"Amai, mwana akalibe kuganizako zobwela," anatero ba sisita. "Mwamwa chani?"

"Tiyi."

"Tiyi ya bwanji yamene igoneka munthu mu mseu?"

Ndinaulula. Sanandikalipire. Anakhala pabedi n'kundiuza motsitsa mawu za mayi wina amene anamwa mizu yotere, matenda n'kubwera mwamphamvu chiberekero chisanakonzeke, ndipo anabwerera kwawo ndi matewera okhaokha. Tulo tonse tinandithera pomwepo. Ndinaika dzanja pamimba mpaka mwana atandimenya kachidendene.

Panja amayi a chipani ankadikirabe pamthunzi. Titatuluka, tcheyamani anafunsa amuna anga kuti, "Mwamuna kapena mkazi?"

"Anali gone chabe," anayankha iwo akuyang'ana nsapato zawo.

Mlendo uja anali atadutsa kalekale, mbali ya msewu imene anapatsidwa amayiwo ili yopanda woimba.

M'mawa mwake Amake Tisa anabwera atazyolika. Anati anasokoneza timitolo. Kamene anandipatsa ine kanali ka amuna awo, ba Tembo, amene ankavutika kupeza tulo.

"Nanga kanga?" ndinafunsa.

"Anamwa ni ba Tembo," anatero. "Kuchokela dzulo ali mu chimbudzi, agwila musana."

Mwana anabadwa Lachinayi, payekha, atate ake ali ku Kitwe, ndipo iwo anamva pa telegalamu. Kuyambira pamenepo sindinamwenso muzu uliwonse wofulumizitsa chinthu, ngakhale pa ana anayi otsatira. Koma tulo ngati timene tija sindinatigonenso. Masiku ano ukalamba ukandimana tulo, chimene chimandiwawa n'chakuti Amake Tisa anamwalira ndisanawafunse dzina la mtengo uja.