Dzanja Losafika pa Khutu

Nkhani iyi amake Thoko anandiletsa kuinena, ati ikunyozetsa banja lonse. Koma popeza ku Simlemba kuno aliyense waimva kale, ndipo ena akumathiramo mchere wawo, bola ndiifotokoze ndekha mwini manyazi.

Ine ndine munthu wosamala. Form 4 ndinamaliza bwinobwino, ndipo chilichonse ndimachita ndi pulani. Titakwatirana tinakhala zaka zitatu opanda mwana, mwadala, mpaka apongozi anayamba kunditumizira timizu m'pepala la shuga, ati ndizithira m'phala. Kenako Thoko anabadwa, anthu n'kupuma. Chaka chino mu July wakwanitsa zaka zisanu ndi chimodzi, amayi ake ndi oyembekezeranso, ndiye panabwera nkhani ya sukulu.

Kwathu kuno sukulu zilipo ziwiri. Ina ndi ya mishoni, ili pafupi, belu lake timalimva tili pakhomo. Inayo ili tsidya la dambo, ndipo mvula ikalimba ana amawoloka madzi ofika m'chiuno, mabuku ali pamutu. Thoko wanga, wamfupi ngati mtondo, kuwoloka madzi amenewo? Ayi ndithu. Vuto n'loti ya mishoniyo imadzaza msanga. Akakubweza, wabwezedwa.

Tsiku lina tikukonza mabedi a nazale ya fodya kudimba, alamu anga a Lyson anaimika khasu.

"Alamu, mwana uja mwamuyesa khutu?"

"Khutu lotani?"

"Aa! Munthu wa Form 4 osadziwa zimenezi? Dzanja lamanja lidutse pamwamba pa mutu, likagwire khutu lakumanzere. Likapanda kufika ndiye kuti mwana sanakule, abwere chaka chamawa. Ife tonse tinalowa choncho."

"Zimenezo zinatha kalekale, alamu."

"Ku mishoni? Kumene kuja sasintha zinthu. Mwana wa a Nkhoma anamubweza ndikuona ndi maso angawa!"

Ndinadzamva mochedwa kuti mwana wa a Nkhomayo pano ndi dalaivala wa lole, ali ndi ana akeake awiri. Koma tsiku limenelo sindinafunse chaka. Ndinasiya khasu, n'kuthamangira kunyumba.

"Thoko, bwera kuno! Kweza dzanja. Dutsitsa pamutu. Gwira khutu."

Dzanja linakwera, linapinda, n'kuima panjira. Panatsala mpata wa zala ziwiri. Mwanayu thupi anatengera amayi ake, koma mutu ndi wa kwathu kwa a Mwale, ndipo mutu wa kwa a Mwale suuzungulira mwachibwana.

"Bambo a Thoko," anatero amayi ake akupeta mtedza, "bwanji osangopita kukafunsa ahedi zimene amafuna?"

"Kuti adziwiretu zoti mwana wathu ali ndi vuto? Amayi, muziganiza patali."

"Vuto ali nalo ndani?"

Ndinali nditayamba kale pulani.

Fodya tinali titagulitsa, chigafa chili mbee. Ndinasankha mtengo umodzi wopingasa, mwa ija timayanikapo fodya, n'kuika thumba la madeya pansi pake, chifukwa monga ndanena, ndine munthu wosamala. M'mawa uliwonse Thoko ankagwira mtengowo ndi manja awiri n'kulendewera, ine ndikuwerenga mpaka twente, manja anga ali chire kumuwakha. Akatsika ndinkamuwongola mkono pang'onopang'ono, kenako n'kumupatsa chitumbuwa chimodzi. Mwanayo ankasangalala zedi, mpaka ankachita kundidzutsa yekha. Ndinangomupempha chinthu chimodzi: asauze anthu. Sindinkafuna kuti mudzi wonse udziwe kuti kwa a Mwale kuli dzanja lalifupi.

Patatha masabata awiri, panatsala chala chimodzi. Chimodzi basi! Koma Lolemba lolembetsa ana linali litayandikira.

Ndiye ndinayang'anitsitsa mutu uja, n'kuona mdani weniweni. Tsitsi! Amayi ake anali atamuluka mizere yonenepa, iliyonse ngati mzere wa mbatata. Dzanja linkataya mtunda pokwera zitunda zimenezo. Lachisanu amayi ake atapita kusikelo, ndinamukweza Thoko panjinga mpaka ku barbershop.

"Timete bwanji, bwana?"

"Mpala."

Titafika kunyumba tinayesanso. Akapendeketsa khosi, n'kutulutsa lilime pang'ono, nsonga ya chala inkakhudza khutu. Ndinavina ndekha pabwalo.

Amake Thoko atabwera anaima pakhomo, kabuku ka kusikelo kali m'manja.

"Tsitsi la mwana wanga lili kuti?"

"Amayi, taonani kaye, lafika!"

"Zaka ziwiri ndikulisamala ndi mafuta! Inu mutu wanu ukuyenda bwino?"

Sanandilankhule mpaka Lamulungu, ndipo ngakhale tsiku limenelo anangoti, "Sunthani."

Lolemba m'mawa ndinamupatsa Thoko malangizo omaliza. "Ukangoona ahedi, gwira khutu. Usasiye mpaka ine nditanena. Wamva?"

"Ndamva, adada."

Tinatsogola awiri, amayi ake akubwera pambuyo pang'onopang'ono chifukwa cha pakati paja. Pasukulu tinapeza mzere wa amayi okhaokha, bambo ndinali ndekha. Nthawi yathu itakwana tinalowa mu ofesi. Ahedi anali mayi wamkulu thupi, wa magalasi, buku lalikulu lili patsogolo pawo.

"Takulandirani, bambo. Nanga iwe mwanawe, dzina lako ndani?"

Thoko anaponya dzanja pamutu, gwi! pakhutu. Khosi pendeke, lilime panja, nkhope yonse itakwinyika ngati wadya bwemba.

Ahedi anatsitsa magalasi. "Khutu likumupweteka?"

"Ayi madamu," ndinatero monyadira. "Taonani bwino. Lafika."

"Chafika n'chiyani? Mafinya? Bambo, mwana wodwala khutu mukubwera naye kuno m'malo mopita kuchipatala?"

"Sakudwala, madamu, kungoti…"

"Dikirani kaye inu. Mwanawe, siya khutulo."

Thoko anandiyang'ana ine. "Adada sananene."

Apa ndikanangoti siya, nkhani ikanathera pomwepo. Koma ndinaganiza kuti mwina ahedi akumuyesa ngati angapirire.

"Ukasiya, adada amatani?" anafunsa ahedi, mawu atafewa.

"Timabwerera kuchigafa."

"Kuchigafa kukatani?"

"Amakandipachika."

Cholembera chinagwa patebulo.

"Amakupachika?"

"Eee, pamtengo wa fodya. M'mawa uliwonse. Ndikatsika amandikoka mkono." Anaganiza pang'ono, n'kuwonjezera mokoma mtima, "Koma anati ndisauze anthu."

"Madamu, ndilongosole…"

"Bambo, khalani pansi! Nanga tsitsi lako linapita kuti, mwanawe?"

"Anandimeta amama kulibe."

Ahedi anatseka buku lija, phaa! Anasuzumira pakhomo n'kukuwa, "Tandiitanireni mayi Nabanda a mother group, msanga!" Mayi Nabanda ndi amene amayang'anira za ana ozunzidwa m'midzi yozungulira sukuluyi, ndipo ali ndi mawu omveka mpaka kumsika. Asanafike n'komwe, mawindo onse awiri anali atadzaza mitu ya amayi a pamzere paja.

"Ndi uja wa kwa a Mwale uja!"

"Wofatsa uja? Ee, anthu ofatsa ndi amene amaopsa!"

"Ati amamangirira mwana m'chigafa ngati fodya!"

Mayi Nabanda analowa akupuma mwamphamvu, n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Ahedi anati, "Mwana uyu sindimulemba mpaka nkhaniyi ifike kwa oteteza ana ku boma."

M'maso mwanga ndinkangoona Thoko ali pakati pa dambo, madzi m'khosi, mabuku pampala. Ndinayamba kufotokoza za alamu, za zala ziwiri, za thumba la madeya, koma chilichonse chimene ndinkanena chinkangowonjezera mlandu.

"Ndiye munaikiratu thumba pansi podziwa kuti agwa?" anatero mayi Nabanda.

Nthawi yomweyo amake Thoko anatulukira pakhomo, dzanja lili m'chiuno.

"Amayi, mwafika bwino! Auzeni anthuwa!"

"Ndiwauze chiyani? Zonse wanena mwanayo n'zoona."

Pawindo panamveka "Hiii!" wa anthu makumi awiri.

Amake Thoko anandisiya ndipse kaye pang'ono, kenako anakhala pampando n'kufotokoza zonse mwadongosolo. Atamaliza anatulutsa kabuku ka kusikelo ka Thoko m'chikwama n'kukaika patebulo. Ahedi anatsegula tsamba loyamba.

"July. Zaka zisanu ndi chimodzi zakwana." Anatsegulanso buku lalikulu lija. "Bambo Mwale, chimene timafuna ndi kabuku aka basi. Za khutuzo zinatha ine ndisanabwere pasukulu pano. Uzani mwanayu atsitse dzanja, lachita dzanzi."

"Thoko, siya."

Mayi Nabanda anali atayamba kugwedezeka mapewa ndi kuseka. Koma ahedi nkhope inali youma.

"Musanapite, tationetsani inuyo mayeso anuwo. Tione mmene amakhalira."

Ndinaimirira. Ndinali nditavala jekete la paukwati wathu, limene linasokedwa ndisanayambe kunenepa. Ndinakweza dzanja. Linafika pakati pa mutu, n'kuima. Ndinakankha. Silinasunthe. Ndinakankhanso ndi mphamvu zonse, ndiye kukhwapa kunamveka pwerrr! Ulusi unabalalika mpaka kumsana, koma khutu linali likadali kutali ngati ku Lilongwe.

"Adada, pendeketsani khosi!" anakuwa Thoko. "Tulutsani lilime!"

Ndipo ine, bambo wa Form 4, pamaso pa amayi a midzi isanu, ndinatulutsa lilime.

Ahedi analemba m'buku mwawo modekha, osaseka ngakhale pang'ono.

"Thoko Mwale, Sitandade 1, ayambe sabata yamawa. Inu bambo, dzanja silinafike. Mubwere chaka chamawa."

Makolo anzanga, musanapatse mwana mayeso, yambani mwavula jekete n'kudziyesa nokha kuseri kwa nyumba.