Chinkhoswe cha Laputopu ya Achemwali

Usiku wathawu ndinalota zodabwitsa zedi, anzanga, ndipo inu a Tiyanjane musayambe kuseka ndisanamalize, chifukwa malotowa munandibweretsera ndinu. Paja Lolemba ndinabwera pashopu panu pano ndi laputopu ya malemu achemwali anga a Esinati, ija imati ukaiyatsa umakathira nyemba pamoto n'kubwera isanatsegule maso. Loweruka lino ndi chinkhoswe cha mwana wawo Ulemu, ndipo ine malume wake ndinalonjeza kuti nyimbo zidzachokera m'laputopu ya amayi ake, makamaka ija anadzijambula okha akuimba kukhitchini. Achibale akuti ndiitaye, tiitane dijeyi. Inu munati siinafe, yangolemedwa, tiichotsere mapulogalamu akalewo tiikemo Linux, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta. Kenako munandifunsa kuti Linux yake ya banja liti, nanga ivale maonekedwe ati pagalasi, n'kunditchulira mayina mpaka mutu wanga unaima. Mayinawo ndinakagona nawo.

Ndiye ndinapezeka ndili pachinkhoswe, koma wokwatiwa si Ulemu ayi, ndi laputopu. Yakhala pamphasa, yafunda chitenje cha achemwali chija cha maluwa achikasu, ikupuma wefuwefu. Ine ndakhala pambali pake monga nkhoswe, thadzi lili kukhwapa. Laputopuyo inanditsina pantchafu n'kunong'ona kuti, "Malume, mukandipezera mwamuna wolemera thupi, Loweruka sindifika. Mawondo angawa ndi akale."

Ndisanayankhe, panaimirira bwana wina wa suti yakuda, chidindo chili m'manja. Anati wachokera ku ofesi yoona za makompyuta okalamba, ndipo dzuwa likangokhudza denga aidinda laputopuyo kuti yafa, apite nayo kudzala. Ndinayamba kumuchonderera, mwadzidzidzi mphuno yake inatalika, kolala yoyera inamera m'khosi, munthu uja n'kusanduka khwangwala. Anaulukira padenga ndi chidindo chake kukamwa, n'kumayang'ana dzuwa ngati ndi wotchi.

Ndiye akuchimuna analowa. Onse anali apengwini, mbalame zonenepa zija timangoziona pa kanema, zoyenda ngati nsapato zawathina. Mwa mwambo wake anayamba kutulutsa anthu ofunditsidwa zitenje kumutu kuti ife tiloze wathu. Woyamba anafunda chitenje chonyezimira, chosalala, chopanda ndi khwinya lomwe. Woyendetsa mwambo analengeza kuti chitenjecho dzina lake ndi GNOME. Amayi anaimba nthungululu, inenso ndinakopeka. Koma atangokhala pamphasa, laputopu inayamba kutsokomola.

"Ngokongola, malume," inatero, "koma wandikhalira pamwendo."

Wachiwiri anafunda chitenje chosokedwa matumba paliponse, ati KDE. Uyu anali waulemu zedi. Anandifunsa ngati ndikufuna mabatani kumanzere kapena kumanja, wotchi pamwamba kapena pansi, mawindo akona kapena ozungulira. Ine mukundidziwa, ngakhale pa chiwaya ndimalephera kusankha pakati pa chiwindi ndi nthutumba mpaka zonse zimatha. Ndinapisa dzanja m'thumba limodzi, m'menemo munalinso thumba, m'thumbamo munali lina, ndiye ndinagweramo wathunthu, thadzi langa likukupiza mapiko.

Ndinakatera m'minibasi ya ku Bangwe. Kondakitala wake inali flashi yanu yosungiramo mafayilo ija, a Tiyanjane, yofiira yomangidwa kachingwe, ikulendewera pakhomo. Pampando wanga anaikapo chisaka, ndipo dalaivala anati ameneyonso ndi mkwati, dzina lake Arch. Nditamasula ndinapeza miyendo payokha, mikono payokha, mutu, ndi sipanala.

"Mumange nokha, akuluakulu," chinatero chisakacho. "Mudzandidziwa mpaka m'mitsempha."

Ndinati pepani bambo, ine shelefu ya kunyumba inandikanika, ikadali yotsamira khoma. Chisakacho sichinakwiye, chinangoti ndidzabwere ndikadzakula.

Flashi ija inandigwira paphewa n'kufunsa kuti, "Katundu mwatulutsa?"

Ndinati katundu wanji.

"Nyimbo za achemwali anu. Akamazira nyumba, mphasa zimayamba zatuluka panja. Mukaiwala, musadzandilirire ine."

Zimenezo sindinaziganizire n'komwe. Mwadzidzidzi nyimbo zinayamba kutuluka pansi pa mipando ngati anapiye, ine n'kumazitola n'kumaika m'lichero. Ya kukhitchini ija inathawira kunsi kwa phazi la dalaivala, ndinachita kukwawa. Nditaigwira inali yofunda, mtima wake ukugunda m'manja mwanga. Flashi inatsegula pakamwa, ndinakhuthuliramo zonse, ndipo inati, "Zili bwino tsopano, tsikani."

Ndiye ndinatsikira pamphasa pomwe paja. Dzuwa linali litatsala chala chimodzi kuti likhudze denga, khwangwala akunola chidindo pa malata. Woyendetsa mwambo nayenso anali atasanduka bilimankhwe, maikolofoni ili kumchira, diso lina kwa ine, lina kwa khwangwala. Ndinayamba kulira, ndikuti ine sindingathe, mayinawa achuluka, ndikalakwitsa ndiye kuti ndawaphanso achemwali kachiwiri.

Pengwini wina wamkulu thupi, nkhoswe ya kuchimuna, anandikokera pambali. "Achimwene, mukusokoneza zinthu ziwiri," anatero. "Chitenje ndi china, wofundayo ndi wina. Chitenje mukatopa nacho mutha kusintha ngakhale Lamulungu masana. Banja ndi limene muyang'anitsitse, chifukwa ndi limene limabwera kudzakonza denga likadontha. Ndipo kwathu kuno timalola kuti mkwati akhale kaye pamphasa mumuone, musanapereke nkhuku."

Anakodola wachitatu. Uyu anafunda kachitenje wamba, kopepuka, kochapidwa bwino, konga kamene amayi amapita nako kuchigayo. Bilimankhwe anati kameneka ndi Xfce. Palibe anaimba nthungululu. Ndinavundukula, ndinapeza mnyamata wa nkhope yobiriwira, wofatsa, akuti ndi wa kubanja la Mint. Anakhala pamphasa mwakachetechete. Laputopu inasiya wefuwefu uja, inatambasula miyendo, n'kuti, "Malume, kodi wakhala kale? Sindinamumve n'komwe."

Ndinati ndi yemweyu.

Khwangwala anatsika kuti adinde, koma laputopu inayaka nthawi yomweyo, kuwala kwake kunamuthobwa m'maso, chidindo chinagwera m'ndowa ya thobwa. Anachoka akung'ung'udza kuti akalemba lipoti.

Ndiye ndinafunsa pengwini uja kuti kachitenje kameneka anasoka ndani, ndikamuthokoze. Analoza mumtengo wa mango. Anzanga, nthambi iliyonse inali ndi munthu ndi makina osokera. Ena ovala majekete a kozizira, ena a ndevu, ena atsikana a magalasi, wina akuyamwitsa mwana uku akupalasa makina. Palibe ndi mmodzi yemwe amene ankandidziwa, kapena kuwadziwa a Esinati. Ndinakweza thadzi langa m'mwamba kuti alandire, iwo anangopukusa mitu.

"Kaperekeni kuchinkhoswe chenicheni," anatero mayi woyamwitsa uja. "Ife mukaona pong'ambika mudzatiuze, tisoke."

Ndinagwada pansi pa mtengowo n'kuwomba m'manja mwaulemu, ndipo ndikukuuzani, chibadwire sindinathokozepo munthu ngati mmene ndinawathokozera anthu osawadziwawo.

Mwadzidzidzi mtengo uja unasanduka khitchini ya achemwali, ili m'kati mwa galasi la laputopu. Iwo ali chilili pambaula, akukazinga anyezi, atamanga duku lawo lija lopendekera kumanzere. Ulemu anali ataima kumbuyo kwanga, manja ake ali paphewa panga. Achemwali anatembenuka n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe Lufeyo, kusankha kokhako sabata yathunthu? N'chifukwa chake unakwatira imvi zitayamba."

Ndinati pepani achemwali, ndimaopa kukutayani.

"Ukanditaya bwanji, si unanditola wekha pansi pa dalaivala? Kweza voliyumu, mwana wanga amve."

Ndinakweza. Anayamba nyimbo yawo ija, mawu ali gwa, osadukaduka ngati kale, mpaka ndi phokoso la supuni m'poto linkamveka. Ulemu anayamba kuvina pang'onopang'ono misozi ili mbwembwembwe, apengwini akumuzungulira ndi mapazi awo aafupiwo. Achemwali anafika pamene amakweza mawu paja, pamene nthawi zonse laputopu inkaima, ndipo siinaime. Anapitirira, nakwezabe, ndiye mawuwo anayamba kuti ko, ko, ko, kokoo.

Ndinatsegula maso pilo atanyowa. Linali thadzi lenileni la chinkhoswe cha Loweruka, limene ndinalimanga kuseri kwa bafa, likutetera kuti laikira dzira. Ndiye laputopu ndi iyi, a Tiyanjane. Mint, ndi kachitenje kopepuka kaja. Koma muyambe mwatulutsa kaye achemwali.