Muzu wa Duwa la Pachulu

Alamu a Lasitoni, tayikani kaye khasulo pansi, ndipo inu a Maliko siyani kukhoma zikhomozo. Mwayamba kale kunditcha wabodza ndisanatsegule n'komwe pakamwa. Chabwino, wokayika akhale pansi amve, akatha kumva ndiye alizule duwalo ngati ali ndi chiwindi. Ndikudziwa kuti ndine mkamwini, dothi lino ndi la kwa mlongo wanu, ndipo chulu ichi ndi malo okhawo amene madzi safikapo mvula ikakula, n'chifukwa chake mukufuna kumangapo khola la mbuzi. Zonsezo sindikutsutsa. Koma duwa lachikasu limene mukuliyesa udzuli ine ndinalimbana nalo, ndipo pang'onong'ono mudzi wonse uno usamuke.

Linabwera m'thumba la jekete. Jeketeyo ndinagula pa kaunjika ku Songani chaka chimene ndinayamba sukulu ya madzulo, inu mukundiseka kuti bambo wandevu akukalimbirana desiki ndi ana. M'thumba lamkati munali kapepala komata, kunja chithunzi cha duwa, mkati tinjere totuwa tonga chitowe. Chizungu cha pakapepalapo ndinawerenga ndekha, wopanda wondithandiza. Panalembedwa kuti kwawo ndi ku Amereka, kuzigwa za udzu wokhawokha kumene ng'ombe imayenda tsiku lonse osapeza mthunzi. Limakonda dzuwa, limadana ndi madzi odikha, ndipo lili ndi muzu umodzi wolunjika pansi umene umasaka chinyezi kunja kukauma. Anthu akale a kumeneko ankawiritsa masamba ake n'kumamwa ngati tiyi. Nditawerenga za madzi odikhazo ndinadziwa kuti m'dambo mwathu muno lingawole ngati mbatata, ndiye ndinalibzala pachulu pano, mwana wanga Takondwa akukwawa pambali panga n'kumadya dothi.

Taliyang'anani bwino. Masamba ake ndi ong'ambikang'ambika ngati mbuzi yayamba kale kuwalawa. Timasamba tachikasu ta duwalo sititambasuka ngati ta mpendadzuwa, timalendewera pansi ngati makutu a galu amene waba ndiwo, ndipo pakati pamaima kamutu kotalika ngati chala chachikulu. Takondwa amalitcha Kachipewa. Njuchi za dera lonse lino zimachitira msonkhano pamenepa. Koma zimene mukuonazi ndi zapamwamba chabe. Nkhani ili pansi.

Mukukumbukira chaka chija nyanja ya Chilwa inathawa, mabwato ali gwa pamatope padoko la Kachulu, anthu akupita ku chilumba cha Chisi wapansi? A pawayilesi ankati ndi chilala. Chilala chake chiti? Ndinali ine. Mlongo wanuyu, make Takondwa, anandiuza kuti ndisunthe duwali chifukwa ankafuna poyanika mpunga, ndipo ine, munthu womvera mkazi, ndinatenga khasu m'mamawa n'kuyamba kukumba. Ndinakumba mpaka m'mawondo, muzu ukupitirira, mpaka m'chiuno, muzu ukupitirira, mpaka ndinaona thambo lachepa ngati pakamwa pa mtsuko, muzu ukunenepa m'malo mowonda. Ndinatuluka m'dzenjemo, ndinamanga duwalo kukaliyala wa njinga yanga ndi lamba wa thalauza, ndinakwera n'kuyamba kupalasa kulowera ku Zomba, dzanja limodzi pachiwongolero, lina litagwira thalauza. Mukumva? Muzu unkasololoka pambuyo panga ngati chingwe cha khoka, mtunda wonse wa kwa Mwambo, amayi anayamba kuyanikapo zovala, ana akulumphapo, minibasi ina imene inafera panjira anaimangirira pomwepo ndipo ndinaikoka pamodzi ndi anthu ake, madengu a matemba ndi nkhumba imodzi, osatsika panjinga, osamwa ngakhale madzi.

Nditatsala pang'ono kulowa m'tauni ndinacheuka, ndipo ndinaona muzu ukutuluka wonyowa, milamba italendewerapo ikuphiriphitha, mbedza zakale za asodzi zitakodwapo, ndi nkhafi ija munataya inu a Maliko, imene munanamizira mvuu. Apo ndi pamene ndinazindikira kuti muzuwo unadutsa pansi pa nyanja. Chilumba cha Chisi chinali chitasendera kuno mapazi khumi, ndipo mpaka lero sichinabwerere bwinobwino, n'chifukwa chake masiku ano mumafika msanga. Ndiye pamene muzu unkatuluka panatsala chiboo, ndipo madzi onse a Chilwa anayamba kulowa mmenemo, gudugudu, ngati wina watsegula pansi pa mgolo. Musaseke, alamu. Inu nomwe munalira chaka chimenecho.

Ndisanaganize chochita, ndinamva muzu wakoka. Unandikoka ineyo. Njinga inaima, kenako inayamba kubwerera chammbuyo, mapedulo akuzungulira okha, ndinadutsa midzi yonse ija ndikupereka moni ndi msana, anthu a m'minibasi ija akukuwa kuti abwezeredwe kumene ankapita, nkhumba ikuvomereza, mpaka ndinadzagwa chagada pachulu pano dzuwa lili pamutu, thalauza ili m'mawondo. Ndinaika khutu padzenje. Pansi penipeni ndinamva ng'ombe zikulira, ndi mwamuna wina akukalipa Chizungu cha m'mphuno. Mukanakhala inu mukanathawa, koma ine ndinali nditakhoza kale mayeso a teremu yachiwiri, ndiye ndinamva zonse. Amafunsa kuti ndani akukoka maluwa a m'busa lake.

Muzu uja, alamu, unapukwa kwawo. Unaboola dziko lonse mpaka unakatulukira ku Amereka n'kukagwirana ndi muzu wa mayi ake. Ine ndikamakoka kuno, kumeneko maluwa ankamira m'nthaka limodzilimodzi, ndipo nyanja yathu inakatumphukira m'busa la munthu uja, matemba ali balala pa udzu, ng'ombe zake zitakwera pakhonde poopa milamba. Tinakambirana mwaulemu kudzera padzenjepo. Ndinamufunsa za kunyumba, iye anafunsa za mpunga. Tinapangana kuti ine ndibwezere muzu, iye abweze madzi. Kubwezera muzuwo kunanditengera milungu itatu, ndikuusokotera ndi mpini wa khasu, ndipo madzi anatenga mvula ziwiri kuti afike chifukwa pobwera kuno ndi chitunda. Achule ena anabwerako akulira Chizungu. Mukawamvetsere kudambo kwa amalume anu ngati mukuti ndikunama.

Ndiye zulani. Inu a Lasitoni ndinu msodzi, maukonde anu ndi atsopano. Zulani tione kumene mukawaponye.

Mukuti tikumbe pang'ono pambali kuti muuone muzuwo ndi maso anu? Ayi, alamu, dikirani. Musakumbe. Chabwino, khalani pansi, ndinene zinazo.

Muzu wake ndi wotalika ngati kuchokera pachigongono panga kufika kuchala. Ndinauona tsiku limene ndinkalichotsa m'chigubu mmene ndinafesera. Mwina pano wawonjezerako pang'ono, koma ku Chisi sunafike.

Inu munali kunyanja mwezi wathawu pamene Takondwa anagonekedwa kuchipatala ndi malungo. Munamva kuti anatuluka, ndipo ndi zoona, anatuluka. Koma anabwera miyendo ili ngati bango, phala akulikana, akungogona pamkeka kuyang'ana nkhuku. Mayi ake ananyengerera, ine ndinaimba nyimbo zonse zimene ndimadziwa, osatheka. Tsiku lina ndinamunyamula kudzamuonetsa Kachipewa, ndipo anaona chinthu chimene ine sindinachionepo zaka zonsezi. Taonani kamutu aka. Pamwamba mpobiriwira motuwa, pansi pali mkombero wofiirira. Mkomberowo ndi timaluwa ting'onoting'ono, timayamba kutseguka pansi n'kumakwera pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Iye anandifunsa kuti, “Ababa, tikafika pamwamba chichitike n'chiyani?”

Ndinamuyankha kuti tikafika pamwamba iye adzakhala atalimba moti adzatha kuthamangitsa tambala wa agogo ake. Koma ndinamuuzanso kuti timaluwato sitikwera ngati mwini wake sanadye phala, komanso ngati sanabwere yekha kudzationa. Limenelo ndiye bodza langa lalikulu, ndipo likugwira ntchito kuposa mankhwala a m'botolo. Kuchokera pakhonde kufika pano ndi mapazi makumi atatu a mwana. Tsiku loyamba ndinamunyamula njira yonse. Lachitatu anayenda theka atagwira chala changa. Dzulo anamaliza mbale yonse ya phala, anabwera yekha, anapumira kamodzi kokha pamtondo paja, ndipo atafika analikalipira duwalo kuti likuchedwa.

Patsala kachigawo kochepa ngati chikhadabo. Akadzuka mawa n'kupeza pano pali ndowe za mbuzi, ine ndidzamuuza chiyani? Dothi si langa, sindingakuletseni. Ndikungopempha kuti khola lisendere mapazi atatu chauko, kumene chulu chikadali chokwera. Mitengo ndinyamula ndine, maenje ndikumba ndine, ndipo minga yotchingira duwa kuti mbuzi zanu zisalidye ndikadula lero lomwe.

A Maliko, chikhomocho mukuchizuliranji? Oho. Chikhomereni apo, pafupi ndi chitsa. Zikomo, alamu. Ayi, a Lasitoni, m'maso mwangamu mwangolowa fumbi la chulu, musayambe.

Uyo akubwera, wavala diresi mozondoka. Musamunyamule, musiyeni afike yekha. Ndipo akakufunsani ngati n'zoona kuti bambo ake anaumitsa nyanja, inu munene kuti munalipo.